Ulendo wa pandege kuchokera ku Lilongwe kupita ku Johannesburg: mafunso ndi mayankho pa za mtunda ndi nthawi

Awa ndi mafunso amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa anthu opita ku Joni, kaya ndi a geni, odwala otumizidwa kuchipatala, ophunzira, kapena amene akungodutsa pa Johannesburg kupita kutali. Tikukamba za bwalo la Kamuzu International Airport ku Lumbadzi ndi bwalo la OR Tambo International Airport ku Kempton Park. Za Chileka tazitchula pamene pali kusiyana.

Kodi pali mtunda wautali bwanji pakati pa mabwalo awiriwa?

Kuyeza molunjika, osakhota paliponse, pali makilomita pafupifupi 1,490. Kuchokera pa Chileka ndi pafupifupi 1,355.

Ena amadabwa kuti kusiyana kwake ndi makilomita 135 okha, chikhalirecho pakati pa Kamuzu ndi Chileka pali makilomita 245 mlengalenga. Chifukwa chake n'choti Blantyre ili kum'mwera ndithu, koma inapendekera kum'mawa, pamene Johannesburg ili chakumadzulo. Gawo lina la mtunda umene mwapita kum'mwera mumalibweza pokhotera kumadzulo.

Mukaona nambala zina monga 925 kapena 805, si kuti wina walakwitsa. Ya 925 ndi mamailosi, ndipo mailosi imodzi ndi makilomita 1.609. Ya 805 ndi ma nautical mile amene oyendetsa ndege amagwiritsa ntchito, ndipo imodzi ndi makilomita 1.852. Palinso ena amene amayeza kuchokera pakati pa tauni kufika pakati pa tauni inzake. Bwalo la Kamuzu lili makilomita pafupifupi 25 kumpoto kwa mzinda, choncho nambala yawo imatsikirapo pang'ono.

Ndingathe kuwerengera ndekha mtundawu?

Mungathe, bola mukhale ndi manambala osonyeza malo a mabwalowa pa mapu. Bwalo la Kamuzu lili pa madigiri 13.79 kum'mwera ndi 33.78 kum'mawa. La OR Tambo lili pa 26.14 kum'mwera ndi 28.25 kum'mawa.

Yambani ndi kumpoto ndi kum'mwera. Kusiyana kwake ndi madigiri 12.35, ndipo digiri iliyonse ndi makilomita 111, ndiye mupeza 1,371. Kenako tengani kum'mawa ndi kumadzulo. Kusiyana ndi madigiri 5.53, kuchulukitsa ndi 111 mupeza 614. Pamenepa m'pamene ambiri amaphonya: mizere ya mapu yochokera kumpoto kupita kum'mwera imayandikana mukamatalikira equator, choncho nambala ija muyenera kuichepetsa. M'chigawo chino muichulukitse ndi 0.94, mupeza 577. Tsopano chulukitsani 1,371 ndi iyo yomwe, 577 ndi iyo yomwe, phatikizani, ndipo mupeze square root yake. Yankho ndi 1,487.

Njirayi ndi yodalirika pa maulendo a m'chigawo chathu chino. Musaiyese pa ulendo wa ku London kapena ku Guangzhou, chifukwa pa mtunda wotero kubulungira kwa dziko kumasokoneza masamuwo.

Nanga ulendo umatenga nthawi yaitali bwanji?

Pa jeti yosaima panjira, tikiti imasonyeza maola 2 ndi mphindi 15 mpaka maola 2 ndi theka. M'mwamba mwenimwenimo mumakhalamo maola pafupifupi 2. Kuchokera pa Chileka chotsanipo mphindi 10.

Munthu akhoza kunena kuti Boeing 737 imathamanga makilomita 830 pa ola, ndiye 1,490 kugawa ndi 830 ndi ola limodzi ndi mphindi 48, nanga zotsalazo zikupita kuti? Nthawi yolembedwa pa tikiti imayamba pamene ndege yasuntha pamalo oimikapo, ndipo imatha pamene yaima pamalo oimikapo kumene ikupita. Liwiro la 830 lija ndege imalifika ikakwera kale m'mwamba. Ulendowo umagawika motere:

Pa Kamuzu ndege imayenda pansi mphindi 5 mpaka 10 kuti ifike poyambira kuthamanga. Kukwera kufika mafiti 35,000 kapena 37,000, omwe ndi mamita pafupifupi 11,000, kumatenga mphindi 20. Ikakhala pansi pa mafiti 10,000 kawirikawiri siiloledwa kupitirira makilomita 460 pa ola. Gawo lapakati, pamene ndege yakhazikika ndipo ogwira ntchito akuyenda ndi chakudya, ndi ola limodzi ndi mphindi 15 kapena 20. Kutsika kumayamba patatsala makilomita pafupifupi 200 ndipo kumatenga mphindi 25, liwiro likuchepa pang'onopang'ono. Ikatera pa OR Tambo imayendanso pansi mphindi 10 kapena 15, poti bwalolo ndi lalikulu ndipo ndege ndi zambiri.

Makampani amawonjezerapo mphindi zingapo dala pa ndandanda yawo kuti zikavuta pang'ono asaoneke ochedwa. N'chifukwa chake nthawi zina mumanyamuka mochedwa ndi mphindi 10 koma n'kufika pa nthawi yake.

Bwanji matikiti ena akusonyeza maola 4, ena 12, ena kupitirira apo?

Funso ili ndiye lofunika kuposa onse, chifukwa apa m'pamene anthu amataya tsiku lathunthu pofuna kupulumutsa ndalama yochepa.

Pali maulendo a mitundu itatu. Woyamba ndi wosaima paliponse, umene pa tikiti amalemba kuti non-stop. Wachiwiri ndi umene amati direct: nambala ya ndege ndi imodzi, koma ndegeyo ikhoza kutera panjira. Pa njira yathuyi kawirikawiri imatera pa Chileka kukatenga anthu a ku Blantyre. Kuchoka pa Kamuzu kufika pa Chileka ndi mphindi 35 mpaka 45, kuima pansi ndi mphindi 45 kapena ola, kenako maola 2 ndi mphindi zingapo kufika ku Johannesburg. Zonse pamodzi ndi maola pafupifupi 4. Wogulitsa tikiti akati ndi direct, mufunseni kuti kodi itera pa Chileka.

Mtundu wachitatu ndi wosintha ndege ku dziko lina. Tikiti yodzera ku Nairobi imakutengani makilomita 1,430 kumpoto, kenako 2,900 kubwerera kum'mwera, zonse pamodzi kupitirira 4,300. Yodzera ku Addis Ababa ndiye ndi makilomita pafupifupi 2,600 popita uko ndi opitirira 4,000 pochoka uko, kutanthauza kuti mwayenda mtunda wopitirira 6,600 pa ulendo wa 1,490. Onjezanipo maola odikira ndege yachiwiri, nthawi zina usiku wonse. Palinso nkhani ya katemera: South Africa imafuna khadi lachikasu la yellow fever kwa munthu amene wakhala maola opitirira 12 pa bwalo la dziko limene kuli matendawa, ndipo Kenya ndi Ethiopia ali m'gulu limeneli. Wochoka ku Malawi molunjika safunsidwa khadilo.

Musanalipire, yang'anani zilembo zitatu za mabwalo. LLW ndi Kamuzu, BLZ ndi Chileka, JNB ndi OR Tambo. Mukaona NBO (Nairobi) kapena ADD (Addis Ababa) pakati, dziwani kuti mukuzungulira. Kwa munthu wodwala, wokalamba kapena mayi wa mwana wakhanda, ife sitingalangize tikiti yozungulira ngakhale itatchipa bwanji.

Mtundu wa ndege uli ndi kanthu?

Uli nako. Ma jeti monga Boeing 737, Airbus A320 ndi Embraer amathamanga mofanana, makilomita 800 mpaka 850 pa ola. Ndege ya mapulopela monga Dash 8 Q400 imathamanga pakati pa 600 ndi 660, ndipo kawirikawiri siipitirira mafiti 25,000. Itaikidwa pa njira ya ku Johannesburg, ulendo ungayandikire maola 3. Pouluka motsika chotero imakumananso kwambiri ndi mitambo m'nyengo ya dzinja, ndiye imagwedera kuposa jeti.

Pakati pa Lilongwe ndi Blantyre kusiyana kwake n'kochepa kwambiri. Mtundawo ndi waufupi moti jeti imayamba kutsika isanakhazikike n'komwe.

Makampani amene akhala akuyendetsa ndege pa njira imeneyi ndi Malawi Airlines, imene inayamba ntchito mu 2014 boma la Malawi litagwirizana ndi Ethiopian Airlines, komanso South African Airways ndi Airlink. Masiku ndi maola onyamukira amasinthasintha, choncho mutsimikize ndi kampaniyo.

Kodi nthawi ya ku Malawi ndi ya ku South Africa imasiyana?

Ayi. Wotchi yanu musaikhudze, chaka chonse. Dzuwa lokha ndi limene limasiyana: mu Disembala ku Johannesburg limalowa cha m'ma 7 koloko madzulo pamene ku Lilongwe limakhala litalowa kale 6 koloko itangopitirira.

Samalani ngati mukudzera ku Nairobi kapena ku Addis Ababa. Kumeneko ali patsogolo ndi ola limodzi, ndipo nthawi iliyonse yolembedwa pa tikiti ndi ya pamalo pamene bwalolo lili. Tikiti ikati ndege yachiwiri inyamuka 15:30 ku Addis Ababa, pa wotchi ya ku Malawi ndi 14:30. Foni imene simunaitsegule kuti isinthe nthawi yokha ikhoza kukusiyitsani ndege.

Ndege imadutsa kuti, ndipo ndingaone chiyani pawindo?

Mzere wolunjika umachoka ku Lumbadzi kulowera kum'mwera chakumadzulo. Umadutsa mapiri a Dzalanyama n'kulowa m'chigawo cha Tete ku Mozambique, n'kuwoloka Zambezi pafupi ndi damu la Cahora Bassa. Ukalowa mu Zimbabwe umadutsa kum'mawa kwa Harare, kuyandikira Masvingo, n'kuwoloka Limpopo cha pa Beitbridge pomwe, pamene mabasi amachezera pa boda. Kuchoka apo ndi chigawo cha Limpopo, pafupi ndi Polokwane, kenako Gauteng.

Ndege siitsata mzerewu ndendende. M'mwamba muli njira zake zokhazikika, ndipo oongolera ndege a ku Lilongwe amaipereka kwa a ku Beira, iwo kwa a ku Harare, iwonso kwa a ku Johannesburg. Kukhota kwa njirazi komanso kuzungulira pokatera kumawonjezera makilomita makumi angapo.

Popita, nyanja ya Cahora Bassa imakhala kudzanja lamanja, ndiye wofuna kuiona asankhe mpando wa pawindo mbali imeneyo, umene mu Boeing 737 ndi F. Nyanja ya Malawi simungaione bwino pa njirayi, imatsala kumbuyo. Miyezi yabwino kuona pansi ndi Meyi mpaka Julayi. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala utsi wa moto wolusa m'tchire ndi fumbi zimaphimba, ndipo m'dzinja ndi mitambo yokhayokha.

Bwanji pobwerera nthawi zina timafika msanga kuposa popita?

Ndi mphepo. Ndege imayenda mu mpweya umene nawonso ukuyenda, monga bwato pa Shire: lotsata madzi limafulumira, lokwera madzi limachedwa, ngakhale wopalasa ndi yemweyo.

M'mwamba mwa South Africa ndi kum'mwera kwa Zimbabwe mumaomba mphepo yamphamvu yochokera kumadzulo, makamaka kuyambira Juni mpaka Ogasiti, ndipo ikhoza kupitirira makilomita 150 pa ola. Njira yathuyi ndi ya kumpoto ndi kum'mwera, choncho mphepoyi imaomba ndege cham'mbali. Koma popeza popita ndege imapendekera kumadzulo, gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya mphepoyo limalimbana nayo, ndipo pobwera gawo lomwelo limaikankha. Kusiyana kwake ndi mphindi 5 mpaka 10 basi. Pa njira yopingasa monga ya Johannesburg ndi Perth ku Australia kusiyanako kumapitirira ola.

N'chiyani chimachedwetsa ndege pa njira imeneyi?

Choyamba ndi mvula ya mabingu ya ku Johannesburg. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi mitambo imaunjikana masana n'kugwa madzulo, kawirikawiri pakati pa 3 ndi 7 koloko, ndi ziphaliwali, nthawi zina ndi matalala. Woyendetsa ndege salowa mu mtambo wotere, amaulambalala patali. Mtambowo ukakhala pamwamba pa bwalo, ndege zimauzidwa kuti zizizungulira m'mwamba podikira, mphindi 15, 20, ngakhale 30. Zimene zatera kale zimadikiranso, chifukwa kukamang'anima ogwira ntchito pansi amachotsedwa panja, ndiye palibe wotsitsa katundu kapena wothira mafuta. Ngati muli ndi ndege ina yoti mukaipeze kapena dokotala woti mukaonane naye, m'miyezi imeneyi sankhani ndege yofika m'mawa kapena masana oyambirira.

Chachiwiri ndi chifunga cha m'mamawa, makamaka m'nyengo yozizira. Ndege zimatha kutera m'chifunga mothandizidwa ndi zida, koma oongolera amazitalikitsana, ndiye mzere umakula.

Chachitatu, ndipo n'chofala kwambiri, ndi kuchedwa kwa ndege imene ikubwera kudzakutengani. Ndege imodzi imayenda maulendo angapo pa tsiku. Ikachedwa m'mawa, kuchedwako kumatsatira maulendo ake onse mpaka usiku. Pa Kamuzu ndi pa Chileka sipakhala ndege zambiri zongokhala zoti n'kulowa m'malo mwa inzake.

Chachinayi chimachokera kwa apaulendo eni ake. Munthu akapereka sutikesi koma osafika pa geti, lamulo la chitetezo limati katundu wake atsitsidwe. Kufunafuna sutikesi imodzi pakati pa mazana kumatenga mphindi 15 kapena 20, anthu onse atakhala kale pansi.

Ndege ikamazungulira m'mwamba, mafuta sangathe?

Anawerengera kale. Boeing 737-800 imamwa mafuta pafupifupi matani 2.5 pa ola, ndiye ulendowu umafuna matani 5 kapena kupitirira pang'ono. Pamwamba pa amenewa lamulo limafuna mafuta apadera a zogwa mwadzidzidzi, ena okafikira pa bwalo lina ngati pa OR Tambo sipatereka, ndi enanso a mphindi 30 amene sayenera kukhudzidwa. M'nyengo ya mabingu woyendetsa amawonjezeranso ake. Mafuta odikirira akamatha mtambo usanachoke, sadikira mpaka zithine, amakatera kwina monga ku Durban kapena ku Gaborone, n'kuthira mafuta, n'kubwereranso. Zikatero ulendo wa maola 2 umasanduka wa maola 5 kapena 6. N'zotopetsa, koma ndi mmene dongosololi linakonzedwera.

Ndamva kuti bwalo la OR Tambo lili pamalo okwera. Zikukhudza bwanji ulendo?

Lili pa mamita 1,694 kuchokera pa nyanja ya mchere. Kamuzu lili pa mamita pafupifupi 1,230, Chileka pa 780. Pamalo okwera mpweya ndi wopepuka, ndipo kukatentha umapepukirako. Mapiko sanyamula bwino, injini sizikoka mokwanira, choncho ndege imathamanga pansi mtunda wautali isanadzuke. N'chifukwa chake msewu wina wa ndege pa OR Tambo ndi wotalika makilomita 4.4. Ndege zazing'ono ngati zobwera kuno sizivutika nazo kwenikweni, koma mudzaona kuti ponyamuka ku Johannesburg ndege imachedwa kudzuka kuposa pa Chileka.

Ubwino wake uli m'makutu. M'kati mwa ndege mpweya amausunga ngati wa pamalo okwera mamita 1,800 mpaka 2,400. Potera ku Johannesburg kusintha kwake n'kochepa, ndiye makutu satsekeka kwambiri. Potera pa Chileka kusinthako n'kokulirapo. Mezani malovu, yasamulani kapena tafunani chingamu ndege ikayamba kutsika. Mwana wakhanda ayamwe nthawi imeneyo. Amene ali ndi chimfine ndiye amamva kupweteka kwambiri.

Kuchoka pakhomo mpaka kufika kumene ndikupita, ndiwerengere maola angati?

Werengerani maola 7 kapena 8, ngakhale ndegeyo ndi ya maola 2 ndi theka.

Kuchoka m'tauni ya Lilongwe kufika ku Lumbadzi pa M1 ndi mphindi 35 mpaka ola, kutengera kuchuluka kwa magalimoto ku Kanengo. Pa bwalo fikani kutatsala maola 3. Check-in imatsekedwa kutatsala pafupifupi ola limodzi, ndipo ikatsekedwa yatsekedwa, ngakhale ndege mukuiona ili poteropo. Geti imatsekedwa kutatsala mphindi 15 kapena 20. Ku OR Tambo mzere wa a imigireshoni ndiwo sudziwika: mukafika nokha ndi mphindi 20, mukafikira pamodzi ndi ndege zikuluzikulu zochokera kunja ukhoza kupitirira ola. Onjezani kudikira katundu ndi kudutsa kwa a kasitomu. Sitima ya Gautrain imatenga mphindi pafupifupi 15 kufika ku Sandton, ndipo wopita ku Park Station kapena ku Pretoria amasintha sitima. Pa galimoto kupita pakati pa mzinda ndi mphindi 30 msewu ukakhala wopanda anthu, ola kapena kuposa nthawi yoweruka.

Ndikupitirira ku Cape Town kapena ku Durban. Ndisiye mpata wotani pakati pa ndege ziwirizo?

Maola osachepera 3. Mukalowa mu South Africa kuti mukwere ndege ya m'dziko momwemo, muyenera kudinditsa pasipoti ku Johannesburg, kutenga katundu wanu, kudutsa naye kwa a kasitomu, n'kukamperekanso ku mbali ya ndege za m'dzikomo. Kuchoka apo, Cape Town ndi makilomita 1,270, maola 2 ndi mphindi zingapo. Durban ndi ola limodzi ndi mphindi 10.

Chofunika kwambiri ndi mmene munagulira matikiti. Ngati maulendo onse awiri ali pa tikiti imodzi, ndege yoyamba ikachedwa kampani imakuikani pa ndege yotsatira. Ngati munagula matikiti awiri osiyana, kampani yachiwiri imangoona kuti simunabwere, ndipo mungafunike kugula tikiti ina ndi ndalama zanu. Pa matikiti osiyana siyani maola 4 kapena 5, makamaka m'dzinja.

Poyerekeza ndi basi, kusiyana kwake n'kotani?

Pa msewu kuchokera ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 1,900, kudzera pa Dedza kapena Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare, Masvingo ndi Beitbridge. Kuyenda kokhako ndi kopitirira tsiku lathunthu, ndipo ndi ma boda atatu ulendowo umafika tsiku ndi theka kapena masiku 2. Basi imapambana pa mtengo ndi pa katundu, n'chifukwa chake a geni ambiri saisiya. Pa ndege mumapatsidwa makilogalamu owerengeka, olembedwa pa tikiti yanu, ndipo opitirira apo mumalipira.

Ndikukachingamira m'bale wanga. Ndingadziwe bwanji nthawi yeniyeni yofikira?

Mufunseni nambala ya ndege, zilembo ziwiri ndi manambala zolembedwa pa boarding pass, osati dzina la kampani lokha. Lembani nambalayo mu pulogalamu yotsata ndege monga Flightradar24 kapena FlightAware, ndipo muona ngati yanyamuka ndi nthawi imene ikuyembekezeka kutera. Nthawi zina kachizindikiro ka ndege kamasowa pa mapu ikakhala pamwamba pa Tete kapena madera ena akumidzi. Musachite mantha, n'chifukwa choti kumeneko zida zapansi zolandira uthengawo n'zochepa, ndipo kamaonekanso ikayandikira mizinda.

Nthawi yotera si nthawi yotulukira. Pa OR Tambo onjezani mphindi 45 mpaka ola ndi theka. Pa Kamuzu ndi pa Chileka mphindi 30 mpaka 45 zimakwana, pokhapokha m'bale wanuyo atabwera ndi katundu woti a MRA amuwerengere msonkho.